Woyamwa Tayala

Boualem anali ndi lamulo limodzi pa njinga, ndipo aliyense amene anapalasapo naye mu Blida ankalidziwa: mphepo ndi ya tonse. Mukandandalika pamzere, wakutsogolo ndiye amalimbana nayo, am'mbuyo n'kumapuma pamsana pake. Akatopa amapatuka, wina n'kulowa. Munthu wobisala kumbuyo tsiku lonse, n'kumadyera thukuta la anzake, Boualem ankamutcha woyamwa tayala. Sankanong'ona ayi. Ankalitchula dzinalo m'nyumba yomwera khofi anthu atadzaza, mpaka mwini dzina ankanyamuka kapu isanathe. Amuna awiri kapena atatu anagulitsa njinga zawo chifukwa cha pakamwa pamenepo, ndipo Boualem sanapepesepo ndi tsiku limodzi.

Tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndipo mu Marichi madokotala anamulowetsa kachubu mumtsempha wa mtima. Anagona, anadzuka, anayenda ndi ndodo, kenako mu Ogasiti anakweranso njinga. Mkazi wake Zoulikha sankafuna n'kuiona komwe.

"Mukufuna mukafere pamsewu mutavala kabudula wothina ngati wa mwana," anatero m'mawa wa Loweruka limenelo, akumuikira zipatso za kanjedza m'thumba la malaya. "Anthu adzati chiyani?"

"Adzati anafa ali kutsogolo."

"Adzati anali ndi mutu wouma."

"Tamvera, mayi," anatero Boualem. "Tsiku limene ndidzakhale katundu wa anyamata aja, njingayi ndidzaipachika ndekha, sudzachita kundiuza. Lero tikukwera Chréa. Phirilo ndilo litiweruze."

Ankalankhula motero chifukwa mtima wake unali m'malo. Kwa miyezi iwiri, Loweruka lililonse, anali akupalasa ndi gulu lake m'chigwa osatsalira ngakhale kamodzi. Ankabwera kunyumba akuimba mluzu. Ulendo wa Loweruka lomaliza la Okutobala unali waukulu pa chaka chonse, ndipo anauyambitsa ndi iyeyo kalekale: makilomita makumi asanu ndi atatu m'chigwa, kupita ku Hadjout ndi kubwerako, kenako phiri, miyendo itatha kale. Kupitirira tsiku limenelo kumwambako kumayamba kuzizira koti munthu sungagwire handulo.

Anzake atatu anamudikira pamphambano ya masiku onse. Panali Rabah, woyendetsa basi, amene Boualem anamuphunzitsa kupalasa asanamere ndevu, koma tsopano nayenso imvi zinali mbuu. Panali Djillali wometa anthu, munthu woti pakamwa pake sipaziziritsa. Ndiye panali Nadir wa kusitolo ya mankhwala, wamng'ono pa onse, wa zaka makumi anayi, amene ankakhulupirira kamakina koyeza liwiro ndi nthawi ka pahandulo yake kuposa mmene ankakhulupirira anthu. Onse ankamuitana Boualem kuti Ammi, ndiko kuti amalume.

"Ammi, miyendo mwameta nokha?" anafuula Djillali. "Taonani mabalawo! Bwanji osabwera nayo kwa ine? Kumutuko ntchito munandilanda kale."

"Iwe, lumo lako lija lobuntha? Ukadamametera lilime, bwenzi anthu akutuluka oyera."

"Mwamva? Madala achira! Lero tifa."

Ananyamuka dzuwa litangotuluka. Kunali kachisanu kolowa m'zala. M'minda ya malalanje zipatso zinali zisanapse kwenikweni, ndipo masamba ouma a mitengo ya m'mbali mwa msewu ankathetheka pansi pa matayala. Atangodutsa Mouzaïa, mphepo ya kumadzulo inawapeza maso ndi maso, ndipo anandandalika pamzere monga mwa chizolowezi. Nadir anakoka nthawi yaitali, n'kupatuka. Djillali anakoka, n'kupatuka. Rabah chimodzimodzi. Kenako msewu unatseguka pamaso pa Boualem, ndipo iye anawerama, n'kuyamba kuponda.

Sanaponde n'komwe maulendo makumi asanu, Rabah anatulukira pambali pake, mbali yomwe kunkachokera mphepo.

"Ammi, azitona aja a amayi apsa? Mkazi wanga akufunsa mchere wake amathira wochuluka bwanji."

"Nkhani za azitona pamzere? Bwerera kumbuyo!"

Rabah anabwerera, koma nthawi yomweyo Djillali anakuwa: "Ndipatseni, Ammi, ndazizidwa kumbuyo kuno! Ndikoke pang'ono thupi litenthe!" Ndipo anadutsa.

Zinachitika choncho kanayi kapena kasanu. Boualem anangoseka chamumtima, n'kumati ana a masiku ano alibe mwambo, aliyense akufuna kuonekera. Munthu akafuna kukhulupirira chinthu, ngakhale umuonetse ndi chala amaona chalacho. Ku Hadjout anadya buledi ndi kanjedza ataimirira, n'kutembenuka. Mphepo tsopano inali kumsana, ndipo anabwerera ku Blida akucheza ngati ali pakhonde.

Phiri limayambira m'tauni mwenimweni. Umangoona nyumba zayamba kupendekeka, tcheni n'kuyamba kulira, basi wayamba. Pali makilomita pafupifupi makumi awiri opanda popumira, msewu ukungokhotakhota. Boualem anasintha magiya mmodzimmodzi mpaka anafika pa yopepuka kwambiri msanga kuposa mmene ankafunira. Komabe anzakewo anali pompo. Palibe amene anamusiya. Kumbuyo kwake Djillali anali wefuwefu, akudandaula kuti madala awa atipha lero, ndipo mawu amenewo ankamukomera Boualem kuposa madzi.

Pa kilomita yachisanu ndi chimodzi pali kasupe pamene anthu a njinga amadzazira mabotolo. Pambali pake pamakhala Belkacem, nkhalamba yogulitsa mtedza wa m'mitengo wootcha pambaula, amene nyengo ya masamba kuyoyoka ndiyo nyengo yake. Atangowaona anakweza supuni yake m'mwamba.

"Aa, mwabweranso? Kodi anthu inu mulibe akazi kunyumba?"

"Mtendere ukhale nanu, a Belkacem," anatero Rabah mofulumira. "Tipatseni wotentha."

"Lero ndiye mwadziwa moni! Dzulo munadutsa pano liwiro la mtondo wadooka, ngati mwaba nkhuku, osayang'ana n'komwe. Lachisanu lililonse ndi zomwezo. Ndimati anthu awa akuthamangira pemphero kapena akulithawa?" Anaseka yekha, kenako anaona Boualem. "A Boualem! Mwachira, Mulungu ndi wamkulu. Nchifukwa chake lero akuyenda ngati anthu."

Madzi okha ndiwo ankamveka akugwera m'botolo la Nadir, limene linali litadzaza kale, madzi akusefukira pazala.

"Mwasokoneza, madala," anatero Djillali. "Adzulowo ndi anyamata a ku Boufarik. Malaya timafanana."

"Ndisokoneze mphuno yakoyo? Imakhota pakona iwe usanafike."

Palibe anaseka. Boualem anatseka botolo lake, n'kuliika m'malo mwake, n'kukwera. Anzakewo anamutsatira mwakachetechete, mtedza uja osagula.

Tsopano maso ake anatseguka, ndipo zimene anaona zinamuwawa chifukwa zinali poyera kuyambira kale. Munthu wotopa zenizeni paphiri sachita phokoso. Amakhala chete, mapewa amayamba kugwedezeka, mutu umagwa, ndipo mpweya umayendera limodzi ndi mwendo. Boualem anali atazidziwa zimenezi zaka makumi anayi. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti amuone bwino Djillali. Mwamunayo anali atatulutsa lilime, akupuma ngati galu wa m'chilimwe, koma mapewa ake anali phee, zidendene zikuzungulira mosalala, ndipo malaya kumsana anali ouma gwa. Wefuwefu wakeyo sankagwirizana ndi miyendo. Anayang'ana kwa Nadir. Zala ziwiri za Nadir zinali pa buleki. Pachitunda, munthu atagwira buleki!

Manyazi anamugwira Boualem, manyazi otentha. Anakumbukira mluzu uja ankaimba pobwera kunyumba. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo iye anadya miyezi iwiri yathunthu akunyambita zala.

"Rabah," anaitana. Mpweya unkangomulola mawu awiri kapena atatu nthawi imodzi. "Bwera. Pano."

Rabah anabwera pambali pake.

"Lachisanu. Kuyambira. Liti?"

"Kuyambira Ogasiti, Ammi."

"Ndiye ulendo. Weniweni. Ndi umenewo. Uwu ndi. Woyendetsa. Nkhalamba."

"Si choncho ayi, Ammi, ndikulumbira pa ana anga. Mwatimva molakwa. Ife sitibwera Lachisanu kuti tikuthaweni. Timabwera kudzathetsa miyendo. Timakwera mpaka kumwamba mothamanga, mpaka Djillali kusanza, kuti tikamakumana nanu Loweruka tikhale titatopa zenizeni. Sitinkafuna kukumatani phula m'maso. Tinkafuna kutopako kukhale koona, kuti tonse tikhale ofanana."

Anayankhula zonsezo mpweya umodzi, pachitunda, osapumira pakati. Boualem anamva zimenezo kuposa mawuwo.

"Nanga. Mabulekiwo?"

Rabah anayang'ana tayala lake lakutsogolo nthawi yaitali.

"Sizikwanira, Ammi," anatero motsitsa mawu.

Akanamutukwana zikanakhala bwino. Akanamuuza kuti tatopa nanu, madala, khalani kunyumba muzisewera ndi zidzukulu, Boualem akanadziwa choyankha, pakuti kukangana ndiye ankakutha. Koma amuna atatu akuluakulu, a ntchito zawo ndi mabanja awo, ankadzuka Lachisanu, tsiku lawo lopuma, kukadzipweteka dala paphiri kuti atsike kufika pamene iye anali, ndipo ngakhale atatero sankafikapo. Chifundo chotere chilibe poti uchigwire n'kuchibweza. Iye amene anathamangitsa anthu chifukwa choyamwa tayala anali atayamwa matayala atatu kuyambira Ogasiti, akuchita kumuthiramo ndi shuga.

Anaima. Sanatsike, anangoponda pansi mwendo umodzi. Enawo anaimanso.

"Pitani," anatero atapeza mpweya.

"Ammi, tiyeni tonse pang'onopang'ono," anatero Djillali. Wefuwefu uja anali ataiwala. "Phiri silithawa."

"Iwe tseka pakamwa, ndipo lilimelo ulibweze m'kati, ntchito yake yatha. Ndati pitani. Mukwere monga munakwerera dzulo. Ndikufuna ndione ndi maso angawa."

"Adokotala anati musamakhale nokha pa..." anayamba Nadir.

"Adokotalawo ndi a mtima wanga kapena wako? Iwe umagulitsa mankhwala, sulemba." Anatembenukira kwa Rabah. "Ndinakuphunzitsa ndine. Ndinakusiyapo kangati paphiri lino?"

"Kambirimbiri, Ammi."

"Unafa?"

"Ayi."

"Ndinkakusiya chifukwa ndinkakuyesa mwamuna. Ngati mwatsala ndi ulemu ndi ine, ndisiyeni mmene mwamuna amasiyidwira. Apo ayi, musadzandipatsenso moni pamsewu."

Anayang'anana. Rabah anagwedeza mutu pang'ono, ndipo onse anayi anayambanso kupalasa. Kwa kanthawi palibe chinasintha. Kenako Boualem anamva tcheni ya Nadir ikudumphira pa giya yolemera: kha, kha, kha. Ya Djillali chimodzimodzi. Rabah anachedwa pang'ono, kenako nayenso anaimirira pa mapedulo.

M'mtima mwake Boualem anali atasungako kachiyembekezo. Ankati mwina amusiya pang'onopang'ono, mwina aziwaona misana kwa kilomita imodzi kapena awiri, monga amasiyidwira munthu amene sali bwino tsiku limenelo. Pakona yoyamba anali atatalikira ngati kuchokera pakhomo pake kufika kumzikiti. Pakona yachiwiri kunalibe munthu. Ndipo awa anali anthu otopa, amene anakwera phiri lomweli dzulo lake.

Anatsala yekha ndi kulira kwa tcheni yake. Magalimoto a mabanja opita kukaotcha nyama kunkhalango ankamudutsa, ena akuimba hutala. Dalaivala wina anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Limbani, madala, mwatsala pang'ono!" pomwe anali asanafike n'pakati pomwe. Mitengo ya masamba ofiira inatha, inayamba ya mkungudza, ndipo mphepo ya kumwamba inalowa m'malaya onyowa. Anadya kanjedza wa Zoulikha mmodzi, wina anamugwa m'manja, ndipo sanayerekeze kuima kuti atole, podziwa kuti akaima sakweranso. Mtima sunkapweteka, ndipo chimenecho chinamukwiyitsa. Ukanapweteka akanakhala ndi chonamizira. Unkagunda bwinobwino monga anaukonzera madokotala. Miyendo ndiyo inalibe kanthu m'kati.

Chala chake chinkangokankha chosinthira magiya, kufunafuna yopepuka, chikudziwa bwino kuti zinatha kalekale. Atatsala ndi makilomita anayi anayamba kuyenda mokhotakhota, kuchoka mbali iyi ya msewu kupita inayo, kuti chitunda chichepe. Kale akaona munthu akuchita zimenezo ankamufunsa ngati akusoka msewu.

Ndi pamene Rabah anatulukira kutsogolo, akutsika, atavala kale jekete. Ndiye kuti anali atafika pamwamba, n'kudikira mpaka kuzizidwa, n'kubwerera. Anatembenuza njinga, n'kukhala pambali pa Boualem. Anayenda choncho pang'ono. Kenako Boualem anamva dzanja likutera pamsana pake, pansi penipeni pamwamba pa matumba, lofunda, ndipo njinga inapepuka.

"Chotsa," anatero.

Rabah sanachotse. Ankangoyang'ana kutsogolo ngati dzanjalo si lake.

Boualem akanatha kulimenya. Akanatha kupatuka, kapena kugwira buleki, kapena kungonenanso kachiwiri mokweza, ndipo Rabah akanamvera. Anatsegula pakamwa, koma miyendo inali italandira kale. Inayamba kuzungulira mosangalala, yopanda manyazi, ndipo msana wake womwe unatsamira padzanjalo. Sananenenso kachiwiri. Makilomita anayi onsewo anakwera atatsamira pa dzanja la munthu amene iye anamuphunzitsa, ndipo misozi imene inatsika anaisiya kuti ioneke ngati ya mphepo. Atatsala pang'ono kutulukira pabwalo la pamwamba, pamene pamakhala anthu, Rabah anachotsa dzanja n'kubwerera m'mbuyo, kuti Boualem afike ali kutsogolo.

"Mkango wafika!" anafuula Djillali ali pakhomo la nyumba ya tiyi, akuomba m'manja. Milomo yake inali itachita bii ndi chisanu. "Ndani winanso wa kachubu mumtima anakwerapo Chréa? Abwere pano ndimumete ulere!"

Anamukhazika pafupi ndi mbaula. Anamupatsa tiyi wa timbewu tonunkhira, Nadir n'kumufunditsa jekete yake. Ankalankhula za chisanu, za magalimoto, za mphuno ya Djillali. Za Lachisanu, za mabuleki ndi za dzanja palibe anatchula. Boualem anagwira kapu ndi manja awiri n'kumawayang'ana mmodzimmodzi. Anali anthu abwino. Ankawakonda, ndipo nthawi imeneyo ankadana nawo kwambiri.

Zimene analonjeza Zoulikha ankazikumbukira, ndipo phiri linali litaweruza. Komabe munthu ndi munthu. Pansi pa mtima ankafuna kuti amukanize. Ankafuna Djillali alumphe n'kunena kuti popanda inu palibe gulu, Rabah akwiye, amugwire malaya, akangane naye mpaka madzulo. Akanakana ndithu, koma akanapita kunyumba ndi kenakake m'manja. Mwinanso, ndani akudziwa, akanalola kuti azibwera za m'chigwa zokha.

Anaika kapu pathebulo.

"Loweruka likubwerali sindibwera," anatero. "Ngakhale Maloweruka enawo. Musamandidikire pamphambano."

Anadikira.

Rabah anayang'ana m'kapu mwake. Djillali, amene chibadwire sanasowepo chonena, anakanda chibwano n'kunena mofatsa kuti, "Pumulani, Ammi. Thupi ndi lanu, mukulidziwa ndinu." Mapewa a onse awiri anatsika pang'ono, monga amatsikira a munthu amene watula thumba la simenti, ndipo Boualem, amene moyo wake wonse wakhala akuwerenga mapewa a anthu, anaona.

Nadir anali akudinadina kamakina kake, kuona nthawi imene anakwerera. Analibe mtima woipa mwana ameneyu, ankangokonda kuti zinthu zidziwike bwino. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana Rabah.

"Ndiye kuti Lachisanu tizigona?" anafunsa.

Rabah anamuponda phazi pansi pa thebulo, koma thebulolo linali laling'ono, ndipo makapu onse anagwedezeka. Boualem anavula jekete ya Nadir, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pampando. Anatuluka kukatenga njinga yake, ndipo anawamva akukankha mipando mofulumira kuti amutsatire, pakuti potsika napo ankaopa kumusiya yekha.